Stress ya m'thanthwe tingangoiwerengera pa pepala kapena mpaka tiyeze?

wakuZomba92:
Akuluakulu a za migodi ndi matanelo ndithandizeni. Ndangoyamba kumene ntchito ku kampani ina ya mainjiniya ndipo atipatsa kuti tikonze mapulani a tanelo yodutsa madzi m'phiri, ya magetsi ang'onoang'ono. Pamalo pozama kwambiri pamwamba pake pali thanthwe la mamita ngati 300, mwala wake ndi gneiss. Nde pa nkhani ya stress (kufinyika kwa mwala) yomwe ili kale m'thanthwemo tisanakumbe, abwana akuti palibe chovuta, ungotenga kuyako uchulukitse ndi 0.027 upeza yochokera pamwamba, 8 MPa (megapascal, muyezo wa presha) basi, kenako ya m'mbali utenge gawo limodzi mwa magawo atatu a imeneyo mmene tinkachitira kusukulu ndi Poisson's ratio (nambala yosonyeza mmene mwala umafutukukira m'mbali ukapanikizidwa) ya 0.25. Ine mtima sukukhazikika. Kuyeza akuti nkodula poti zida zake ndi anthu ake omwe mpaka achokere kunja. Kodi tingapitirire ndi manambala a pa pepalawa? Nanga ngati nkuyeza, amayeza bwanji chinthu choti sichioneka?

mdala_wa_shafti:
Mphwanga, mtima wakowo ukunena zoona. Hafu yoyamba ya abwana akowo ndilibe nayo vuto. Stress yochokera pamwamba ndi kulemera kwa mwala womwe uli pamutu pako, kiyubiki mita imodzi imalemera matani pafupifupi 2.7, nde pa kilomita imodzi uli pa 27 MPa. Akatswiri a za miyala Brown ndi Hoek mu 1978 anasonkhanitsa zomwe anthu anayeza m'maiko ambiri ndipo ya pamwambayi imatsatadi mzere umenewo, olo kuti kufupi ndi pamtunda manambala amamwazikana ndithu.

Pomwe pali ngozi ndi pa ya m'mbaliyo. Zija za gawo limodzi mwa magawo atatu (0.33) zimatengera kuti thanthwe linangoyalidwa bwinobwino nkukhala phee osakankhidwapo ndi china chilichonse chiyambire. Gneiss wakoyo anapindidwa, anatenthedwa pansi penipeni, kenako mwala wonse womwe unali pamwamba pake unakokoloka. Katundu wa pamwamba anachoka koma kufinyika kwa m'mbali sikuchoka konse, kwina kumatsalira momwemo. Nchifukwa chake zomwe anasonkhanitsa a Brown ndi Hoek zija zimaonetsa kuti pamalo osaya kwambiri, mamita mazana angapo ngati akowa, ya m'mbali nthawi zambiri imaposa ya pamwamba, pena kawiri pena kuposa apo. Ku Canada, ku Australia, ku Scandinavia ndi nkhani yodziwika.

Tawerengera wekha uone kusiyana kwake. Pa tanelo yozungulira, masamu a Kirsch amati stress yaikulu pa khoma ndi katatu ya yaikulu pa ziwirizi (ya pamwamba ndi ya m'mbali) kuchotsapo yaing'ono. Ukatenga za abwana, 8 pamwamba ndi 2.7 m'mbali, makoma a m'mbali anyamula 21 MPa pomwe denga lili pafupifupi pa ziro, kutanthauza kuti vuto lako ndi zibuma za mwala zomasuka kugwa kudenga. Tsono itakhala kuti ya m'mbali ndi 16, denga lomwelo lanyamula 40 MPa, ndipo mwala wolimba umayamba kusendeka stress ikafika cha pa 40 peresenti ya mphamvu yake ya mu labu. Mabawuti omwe ukanaika, malo ake, olo mbali yomwe tanelo ikanayang'ana, zonse zasintha chifukwa cha nambala imodzi yomwe munangoganizira muli mu ofesi.

Ine ndinagwira ntchito m'migodi ya golide cha ku Carletonville ku Joni. Kumeneko ukadutsa makilomita atatu pansi, ya pamwamba yokha ili cha pa 80 MPa, mwala umachita kulira, umathetheka wokha pa fesi, kumapeto kwa mgodi komwe anthu akuboola. Chodabwitsa nchakuti m'migodi yozama imeneyo ya m'mbali imakhala yocheperapo, cha pa hafu ya ya pamwamba, pomwe m'migodi ya platinamu ya ku Rustenburg, dziko lomwelo, pamalo osaya ya m'mbali ndi yomwe imakula. Nde ungabwereke bwanji nambala ya malo ena?

Kuyeza kwake, njira yomwe ndinaiona ndi maso ndi overcoring. Mumaboola bowo kuchokera mu tanelo, kumapeto kwake nkumata kachipangizo kokhala ndi ma strain gauge (timawaya toyeza kufutukuka kwa mwala), guluu akauma mumabwera ndi drill yaikulupo nkuboola mozungulira kuti kachidutswa ka mwalako kalekane ndi thanthwe lonse. Zili ngati chinkhupule choti wachifinya m'dzanja, ukachisiya chimafutukuka. Mwala nawo umafutukuka pang'onong'ono kwambiri, ma gauge aja amawerenga, kenako kachidutswako, komwe timati core, mumakapanikiza pa makina kuti mudziwe kuuma kwake ndipo mumawerengera chobwerera kupeza stress yomwe inalipo. Kachipangizo kotere kotchedwa doorstopper kanapangidwa ndi Leeman ku bungwe la kafukufuku la CSIR ku South Africa m'zaka za m'ma 1960, nthawi yomwe dzikolo linalimbikira kafukufuku wa miyala mgodi wa malasha wa Coalbrook utagwa mu Januwale 1960 nkupha anthu 437. Masiku ano ambiri amakonda china chotchedwa hollow inclusion cell cha bungwe la kafukufuku la CSIRO la ku Australia chifukwa bowo limodzi limakupatsa stress ya mbali zonse.

nachisale_geo:
Kungowonjezera pa zomwe anena madalawa, musanalipire aliyense tsegulani World Stress Map (mapu a stress ya m'nthaka padziko lonse) pa intaneti, ndi yaulere, amaisunga a bungwe la kafukufuku la GFZ ku Potsdam ku Germany. Ngati phiri lanulo lili kuno kwathu kumbukirani kuti tili mu rift, nthaka ikukokeka kutseguka, zivomerezi zija za ku Salima mu 1989 ndi ku Karonga mu 2009 zinali za ma fault (ming'alu ikuluikulu ya m'nthaka) otsetsereka pansi. Zikatero stress yaikulu imakhala ya pamwamba. Koma chenjerani achimwene, zambiri za pa mapupo za chigawo chino zinachokera ku zivomerezi zomwe zinachitika makilomita ambiri pansi, pomwe inu muli pa mamita 300 m'mbali mwa phiri pamene chigwa ndi kutsetsereka kwa phirilo zimapotoza chilichonse. Mapuwo akuuzani mbali yoyembekezera, kukula kwake ayi.

Komanso pitani mukaone mabokosi a core ngati anaboola kale. Mukapeza mwala wolimba utaduka tizidutswa topyapyala tofanana motsatizana, imeneyo ndi discing, stress ndi yaikulu pamenepo. Ngati analowetsa kamera m'bowo onani ngati makoma asendeka mbali ziwiri zoyang'anizana. Kusendekako kumakhala mbali ya stress yaing'ono, nde yaikulu ili mopingasa. Izi sizifuna ndalama ina.

wakuZomba92:
Zikomo kwambiri madala, ndi inu achemwali. Core ilipo ndikaiona. Koma overcoring ikufuna tanelo ikhale itakumbidwa kale eti? Ife tidakali pa mapulani.

injiniya_wamadzi:
Eya, kawirikawiri imachitika pa mabowo aafupi ochokera pansi pomwepo, ndipo bowolo lipitirire kawiri kukula kwa tanelo, apo ayi mukuyeza stress yomwe mwaisokoneza nokha pokumba. Poti muli pamtunda, yanu ndi hydraulic fracturing. M'bowo loimirira mumasankha kachigawo kopanda ming'alu, mumatseka pamwamba ndi pansi ndi ma packer a labala, nkupopera madzi mpaka mwala utang'ambika. Mukazimitsa pampu presha imatsika nkudzakhazikika pamene mng'alu ukutsekeka, nambala imeneyo ndiyo stress yaing'ono, ndipo ndi yodalirika kwambiri pa zonse zomwe njirayi imapereka. Yaikuluyo imachita kuwerengeredwa nde musaikhulupirire kwambiri.

Koma ine chomwe chandigwira mu funso lanu nchoti tanelo yake ndi ya madzi. Kodi muikamo chitsulo kapena madzi azikhudza mwala? Chifukwa ngati mulibe chitsulo, nkhani yaikulu si denga kugwa ayi. Tingoyerekeza kuti madzi anu akutsika mamita 250, amenewo ali ndi presha pafupifupi 2.5 MPa, ndipo stress yaing'ono ya m'thanthwe ikachepera pamenepo madziwo atsegula ming'alu okha nkutulukira m'mbali mwa phiri, mwina kugumula ndi phiri lomwe. Onani nambala ya abwana anu, 2.7 poyerekeza ndi 2.5, mpata wake uli kuti? Ndipo kufupi ndi chigwa yaing'onoyo imatha kutsika kuposa apo. Ku Norway komwe ali ndi matanelo ambiri opanda chitsulo anaphunzira izi matanelo ena atang'ambika, pano sasankha pothera chitsulo asanapope madzi m'mabowo pamalo enieniwo nkuona kuti thanthwe likupirira.

Nde kwa abwana musapite ndi mawu oti tiyeze chifukwa mabuku amatero, sakumverani. Awerengereni mtengo wa mita imodzi ya chitsulo cha mu tanelo. Osayeza, muyenera kutalikitsa chitsulo mongodziteteza, ndipo mamita ochepa okha a chitsulo chosafunikacho akhoza kulipira kuyeza konse.

mdala_wa_shafti:
Zoona zimenezo. Ndipo akavomera, usalole kuti ayeze kamodzi nkupakira zida. Olo ntchito itayenda bwino manambala amasiyana ndi 10 kapena 20 peresenti, ndipo gneiss poti ali ndi mizere sauma mofanana mbali zonse, uwauze a labu ayeze motsata mizere komanso mopingasa. Pafupi ndi fault stress imatha kutembenuka, nde pakhale mayeso angapo mbali iyi ndi ena mbali inayo. Mu kontrakiti mulembemonso kuti tanelo yolowera ikafika mkati mudzayezanso, ndipo pothera chitsulo padzatsimikizidwa nthawi imeneyo. Ukakaona core ija ujambule mabokosi a pakati pa mamita 200 ndi 300 utiponyere pano tione limodzi.