Ndithandizeni pa buku la Professor Hoffmann

Anzanga, ndapeza buku la Modern Magic lomwe linatuluka mu 1876. Analemba ndi Professor Hoffmann, dzina lake lenileni Angelo Lewis, loya wa ku London amene anaulula poyera momwe amatsenga a pasiteji amaphimbira anthu m'maso ndi makhadi, ndalama zachitsulo ndi zipewa. Mulibe zaufiti, ndi luso la zala ndi zipangizo basi, ndipo n'zimene zandikoka mtima.

Pandivuta ndi pobisa ndalama m'chikhatho. Sabata yathunthu ndakhala ndikuyeserera pagalasi, koma ndikangoti nditambasule dzanja, ndalama ija imapulumuka n'kugwera pasimenti. Chingerezi chakenso n'chakalekale. Alipo anaphunzirapo zimenezi? Ndiyambe ndi ndalama yaikulu bwanji, nanga imafinyidwa ndi mbali iti ya chikhatho?