Kodi mapu a pakompyuta angatithandize kukonza maulendo a malole m'midzi ya ku Angonia?

Wa ku Domwe:

Moni nonse akuluakulu. Ndimayang'anira malole atatu amene amatolera mbatata ya kachewere, nyemba ndi soya kwa alimi a ku Angonia ndi ku Tsangano n'kukatsitsa mumzinda wa Tete. Pa msewu wa phula sitiona vuto, pakuti tikachoka ku Ulongwe timatsika ndi N304 mpaka ku Mussacama, kumene timalowa mu N7 wodzera ku Moatize. Chotisautsa chili kumidzi kumene timakagula. M'mwezi wa February dalaivala wathu watsopano anatsata njira imene foni inamusonyeza kuti ndi yachidule, ndipo lole inatitimira m'dambo mpaka matayala a kumbuyo osaonekanso. Inagona pomwepo masiku awiri, ndipo tinachita kulemba aganyu ndi ngolo za ng'ombe kuti atulutse matumba onse.

Ndimamva kuti makampani akuluakulu onyamula katundu amakonza maulendo awo ndi chida cha mapu a pakompyuta chimene amachitcha GIS. Kodi chimasiyana bwanji ndi mapu wamba a pafoni, nanga anthu ochepa mphamvu ngati ife tingayambire pati?

Mayi wa Mapu:

Bambo a ku Domwe, pepani ndi zimene zinakuonekeranizo. Mapu a pafoni amakusonyezani zimene anthu ena anaikamo, pomwe GIS imakupatsani mpata woika zimene inuyo mukudziwa pamwamba pa mapuwo ndi kuzifunsa mafunso. Zili ngati mapepala oonekera mkati osanjikizidwa: lina lili ndi misewu, lina mitsinje ndi madambo, lina malo amene mumaika sikelo, ndipo pa malo aliwonse mwalembapo kuchuluka kwa matumba amene mumapezapo. Mukawasanjikiza mumatha kuona kuti ndi misika iti imene lole imodzi ingadzazirepo pa ulendo umodzi, mmalo motumiza malole awiri kuti abwerere ndi theka la katundu. Pulogalamu ya QGIS imachita zonsezi ndipo ndi yaulere.

Chimene chinagwetsa dalaivala wanu m'dambo ndikuchiganizira. Misewu yambiri ya kumidzi imene ili pa OpenStreetMap, mapu amene anayamba mu 2004 ndipo aliyense akhoza kuwakonza, inajambulidwa ndi anthu odzipereka okhala kutali poyang'ana zithunzi za setilaiti, ndipo ntchito yotereyi inachitika kwambiri m'dziko muno namondwe wa Idai atawononga mu March 2019. Zithunzi zooneka bwino ndi zimene zimajambulidwa kopanda mitambo, kawirikawiri m'chilimwe, pamene njira yodutsa m'dambo imaoneka yoyera ngati msewu weniweni. Wojambulayo alibe mlandu, koma sanaponde dothi la pamenepo.

Poyambira pake ndi pa mafoni amene madalaivala anu ali nawo kale. Ikanimo pulogalamu ngati OsmAnd, mutsitse mapu a Mozambique muli ku Ulongwe kumene intaneti ilipo, ndipo dalaivala aziyatsa kuti foni izilemba njira yonse imene wayenda. Musadandaule za netiweki, chifukwa GPS imangolandira uthenga wa masetilaiti amene ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 20,000 kumwamba, ndipo pabwalo poyera imaphonya ndi mamita ochepa chabe.

Dalaivala Wakale:

Mayi, mwafotokoza bwino, koma ndiloleni ndinene za kumbali yathu ife ogwira chiwongolero. Foni imawerenga makilomita, ndipo nthawi imene imalonjeza ndi ya galimoto yaing'ono yopanda katundu. Sidziwa kuti lole yodzaza imatsetsereka pang'onopang'ono pochoka kumapiri a Angonia kupita kuchigwa cha Zambezi, kumene kutentha kumavutitsa matayala ndi mabuleki omwe. Sidziwanso kuti kamlatho kamitengo kamene njinga yamoto imadutsapo bwinobwino sikanganyamule matani khumi.

Ngakhale pa misewu ikuluikulu zinthu zimasintha mapu asanamve. Pamene namondwe wa Ana anaononga mlatho wa pa mtsinje wa Revubue mu January 2022, mapu amene ndinali nditatsitsa pa foni yanga anapitiriza kundilozera pomwepo ngati palibe chachitika. Amene anandiuza kuti ndizungulire ku Benga ndikaolokere pa mlatho wa Kassuende, uja anautsegula mu 2014, anali mnzanga amene anandiimbira foni m'bandakucha. Choncho ine ndikanakhala inu, Bambo, sindikanasiya kufunsa a nyakwawa, oyendetsa ngolo ndi anyamata a njinga zamoto, pakuti iwowa ndi amene amadziwa dooko limene lakokoloka usiku wathawu.

Palinso nkhani ya maina. Pa mapu analemba Ulongué, Calómuè, Zóbuè ndi Furancungo potsata kalembedwe ka Chipwitikizi, ndipo mnyamata akalemba dzina monga momwe timalitchulira pakamwa, foni imamuyankha kuti malowo kulibe. Midzi ing'onoing'ono ndiye sitinena, popeza yambiri imadziwika ndi dzina la mfumu ndipo dzina limodzi limapezeka m'madera awiri kapena atatu.

Mayi wa Mapu:

Achikulire, zimene mwanenazi sizitsutsana ndi GIS. Ndizo zimene ziyenera kulowamo. Chigawo chilichonse cha msewu chikhoza kukhala ndi mzere wakewake m'kaundula, momwe mungalembe miyezi imene chimadutsika, kulemera kumene milatho yake imapirira, ndi nthawi yeniyeni imene lole yodzaza inatengapo. Njira imene foni yalemba imasunga ndi nthawi yomwe, motero pakatha nyengo imodzi yogula mbewu mudzakhala ndi maola enieni a malole anu, osati ongoganizira a foni. Ubwino wake ndi wakuti dalaivala wodziwa njira akadwala kapena akasiya ntchito, zimene ankadziwazo sizipita naye. Pa za maina, malo aliwonse apatseni nambala yakeyake, ndipo mulembe dzina la pa mapu pamodzi ndi la pakamwa.

Ndikuchenjezeni za tinthu tiwiri timene tinandidyera tsiku lathunthu nditangoyamba kumene. Ife tili kummwera kwa equator, choncho pa manambala awiri amene GPS imapereka posonyeza pamene malo ali, yoyamba imakhala ndi kamzere kochotsera (-) kutsogolo. Mzinda wa Tete uli pafupifupi pa -16.16 ndi 33.59. Kalaliki akaiwala kamzereko, malo anu onse amakatera ku Sudan. Chachiwiri, makompyuta athu ambiri ali m'Chipwitikizi, chimene chimalemba 16,16 ndi chizindikiro cha koma (,) mmalo mwa kadontho, ndipo fayilo yotere ikalowetsedwa mu QGIS popanda kuiuza zimenezi, manambala amawerengedwa ngati mawu wamba kapena kugawika pawiri, mapu n'kutuluka opanda kanthu.

Wa ku Domwe:

Zikomo kwambiri Mayi, zikomonso Achikulire. Ndakambirana ndi madalaivala, ndipo mmodzi sanabise kuti akuopa kuti foniyo ikhala kazitape wowerenga malo amene waima kudya nsima. Ndamutsimikizira kuti aziyatsa pochoka pa phula ndi kuzimitsa akabwererapo, chifukwa chimene ndikufuna ndi njira za kumidzi zokha. Tiyamba ndi lole imodzi ya ku Tsangano sabata yamawa. Funso limene latsala ndi ili: dambo lija likadali pa mapu ngati msewu wabwino, ndipo si ife tokha timagula mbatata kumeneko. Kodi ndingalikonze ndekha pa OpenStreetMap kuti lizioneka kuti silidutsika m'dzinja, kapena pamafunika munthu wodziwa kuti andigwire dzanja ulendo woyamba?