Makina a arcade akudodoma titachotsa Windows n'kuika Linux: tiyambire pati?

Wakuwekishopu:
Akuluakulu, ndithandizeni maganizo. Ndili ndi bokosi la arcade la kasitomala: purosesa Core i5-3470, RAM 8 GB, khadi la zithunzi Radeon HD 5450, ndipo sikirini yake ndi CRT (sikirini yakale ya chubu) ya 15 kHz yolumikizidwa kudzera pa J-PAC, kabodi kolumikiza kompyuta ndi mawaya a bokosi la arcade. Linkayenda pa Windows 10, koma poti Microsoft inasiya kuisamalira pa 14 October 2025 ndipo purosesa imeneyi siloledwa pa Windows 11, mwiniwake wapempha Linux. Ndaika Linux wamba wa pa desiki pamodzi ndi MAME, pulogalamu yoyendetsa magemu a arcade pa kompyuta. Pakali pano ndikuyesera pa LCD ya 60 Hz chifukwa pa CRT chithunzi chikungothamanga. Street Fighter III: 3rd Strike ikusonyeza liwiro la 70% ndikadina F11, mawu akuduka. Metal Slug ikufika 100% koma ikumagwedera. Magemu ena sakutseguka n'komwe. Kodi kompyutayi yachepa mphamvu?

Mayi_Mawaya:
Achimwene, musagule kanthu kaye. Pamenepa pali matenda atatu osiyana, ndipo mukawaphatikiza mudzangozungulira. Yambani ndi kuyeza purosesa payokha:

mame -bench 60 sfiii3

Lamulo limeneli limazimitsa zithunzi ndi mawu, n'kuthamangitsa gemu mmene purosesa ingathere kwa masekondi 60. Likakupatsani nambala yoposa 100% patali, purosesa ilibe mlandu. Kenako lembani glxinfo | grep "OpenGL renderer" mutiuze zomwe zatuluka.

Wakuwekishopu:
Bench yapitirira 300%, mayi. Koma glxinfo yalemba llvmpipe.

Mayi_Mawaya:
Ndi pomwepo. llvmpipe ikutanthauza kuti khadi lanu langokhala, zithunzi zonse ikujambula ndi purosesa, ndiye kutambasula chithunzi cha 384x224 kuti chidzaze LCD kukuidyera nthawi. Tsegulani /etc/default/grub muone ngati muli mawu akuti nomodeset. Ambiri amawaika pa nthawi yoika Linux sikirini ikada, n'kuwaiwala momwemo. Mawuwa amaletsa draiva ya radeon kugwira ntchito. Achotseni, lembani sudo update-grub, zimitsani n'kuyatsanso. glxinfo iyenera kutchula khadi la AMD. Musavutike kufuna draiva kwina: HD 5450 imayenda ndi radeon ya mu kernel (mtima wa Linux) pamodzi ndi r600 ya Mesa, zonse zimabwera kale ndi Linux.

Chitsulo_JAMMA:
Ndiwonjezerepo za governor, chomwe chimalamulira liwiro la purosesa mu Linux. Purosesa imeneyi ikapuma imatsika mpaka 1.6 GHz, pamene pantchito imakwera kufika 3.6 GHz. MAME imasenzetsa pafupifupi ntchito yonse core imodzi ya purosesa, ndiye ikachedwa kukwera fulemu (chithunzi chimodzi cha gemu) imaphonyeka. Lembani sudo cpupower frequency-set -g performance.

Mayi_Mawaya:
Zoona akulu, koma chimenecho sichingagwetse gemu kuchoka pa 300% kufika pa 70%. Achite pambuyo, chidzathandiza akafika pa frame delay, yochepetsa kuchedwa kwa mabatani. Ndipo chimabwerera mwakale mukazimitsa, pokhapokha muchiike kuti chizidzuka chokha.

Wakuwekishopu:
Ndachotsa nomodeset, 3rd Strike yakhazikika pa 100%, mawu ali bwino. Metal Slug ikugwederabe pang'ono sikirini ikamayenda cham'mbali.

Nkhalakale15k:
Kugwedera kumeneko si kwa liwiro, mwana wanga, ndipo pa LCD yanuyo sikudzatha ngakhale mutagula purosesa ya dzulodzuloli. Mabodi a arcade sankayenda pa 60 Hz ndendende. Neo Geo, bodi ya Metal Slug, imatulutsa 320x224 pa 59.19 Hz. CPS1 ndi CPS2 za Capcom ndi 384x224 pa 59.64 Hz. Pac-Man ili pa 60.61 Hz, R-Type pa 55 Hz, Mortal Kombat pa 54.7 Hz. LCD ikufuna mafulemu 60 pa sekondi pamene Metal Slug ikupereka 59.19, ndiye pakangodutsa sekondi imodzi ndi pang'ono fulemu imodzi imaoneka kawiri. Ndiko kugwedera mukuonako. Mukayatsa syncrefresh mu MAME kumatha ndithu, koma gemu imakakamizidwa kutsatira sikirini: pa Neo Geo simungazindikire, koma Mortal Kombat imathamanga pafupifupi 110% ya liwiro lake, ndipo wosewera woidziwa amva pa nkhonya yoyamba.

CRT ilibe vuto limeneli chifukwa imalandira liwiro lililonse lomwe lili m'malire ake. Pa Windows ntchitoyi inkagwiridwa ndi draiva ya CRT Emudriver ndi GroovyMAME, MAME yosinthidwa kuti igwirizane ndi CRT. Pa Linux mufunikanso GroovyMAME, chifukwa Switchres yomwe ili mkati mwake ndiyo imapanga modeline (kukula ndi liwiro la chithunzi chopita ku sikirini) ya gemu iliyonse pa nthawi yomwe ikutseguka. MAME wamba sachita zimenezo. Mufunikanso kernel yosinthidwa kuti ilole 15 kHz, n'chifukwa chake chithunzi chikuthamanga pa CRT: Linux wanu akutumiza 31 kHz kapena kuposa.

Ine ndinganene kuti chotsani Linux wa pa desikiyo muike GroovyArcade, Linux yopangidwira makina a arcade. Inamangidwa pa Arch Linux, imabwera ndi kernel ya 15 kHz ndi GroovyMAME, ndipo ilibe compositor, yomwe imasunga fulemu isanaonetsedwe n'kuwonjezera kuchedwa. M'bokosi la arcade simufunika desiki. Mu mame.ini ikani monitor arcade_15. Khadi lanulo lisungeni bwino, ndi limodzi mwa omwe amagwirizana ndi ntchitoyi chifukwa lili ndi VGA yeniyeni. Makadi atsopano alibe analogi, amafuna kachida kosinthira, ndipo tambiri mwa timeneti timakana pixel clock yotsika ya 320x240. Zikatero mumakakamizika kugwiritsa ntchito super resolution ngati 2560x240.

Chitsulo_JAMMA:
Musanalumikize CRT, onani kuti jumper ya 15 kHz yokha ndiyo ili pa J-PAC. BIOS imadzuka ndi 31 kHz kernel isanayambe, ndipo chassis (bodi yamagetsi ya CRT) yakale ikamalandira zimenezo kawirikawiri imapsa transistor ya horizontal output. J-PAC imatchinga sync yopitirira malire, komanso imakweza mphamvu ya chithunzi, poti VGA imapereka 0.7 V pamene sikirini za arcade zimafuna yochulukirapo. Chonde dzanja lisayandikire kapu ya anode kuseri kwa chubu, pamakhala ma volt oposa 20,000 ndipo ena amatsalira ngakhale mutazimitsa.

Wakuwekishopu:
Ndamva, akulu. Nanga Batocera, Linux ina ya magemu akale? Ikuoneka yosavuta kwa kasitomala. Ndipo magemu osatseguka aja?

Nkhalakale15k:
Batocera ndi yabwino pa bokosi la LCD, ndipo pa CRT imatheka koma imafuna kukonza kowonjezera. Pa bokosi lanuli yambani ndi yomwe inapangidwira CRT.

Mayi_Mawaya:
Za osatseguka, lembani mame -verifyroms ndi dzina la gemuyo, ikuuzani fayilo yomwe ikusowa. Kawirikawiri ndi zitatu izi. Ma ROM, omwe ndi mafayilo a magemuwo, ayenera kugwirizana ndi vesheni ya MAME, ndiye ngati pa Windows munali MAME yakale, seti yakeyo siyenda yonse pa yatsopano. Magemu a Neo Geo amafuna neogeo.zip, a CPS2 amafuna qsound_hle.zip. Chachitatu ndi mame.ini yomwe mwakopera ku Windows: ili ndi rompath ya D:\roms, yomwe Linux saidziwa. Musaikonze, pangani yatsopano ndi mame -createconfig. Kumbukiraninso kuti kwa Linux SFIII3.ZIP ndi sfiii3.zip ndi mafayilo awiri osiyana, maina onse akhale a zilembo zazing'ono. Foda ya nvram ikopereni, muli makonzedwe a ndalama ndi kuvuta kwa gemu pa mabodi ambiri. Magemu a CPS3, monga 3rd Strike, amafunanso CHD (fayilo ya CD ya gemu) m'foda ya dzina la gemuyo, koma poti 3rd Strike ikuyenda ndiye kuti yanu ili m'malo mwake.

Wakuwekishopu:
GroovyArcade yalowa, CRT yagwira, Metal Slug yasalala. Pa magemu osatseguka aja vuto linali qsound_hle.zip ndi rompath. Kwatsala kuchedwa kwa mabatani, kasitomala ndi wa magemu omenyana.

Nkhalakale15k:
Apa ndiye pa framedelay. Fulemu imodzi ndi pafupifupi 16.7 ms. GroovyMAME imaigawa magawo 10, ndipo nambala yomwe mwaika, kuyambira 0 mpaka 9, ndi magawo omwe idikire isanawerenge mabatani n'kupanga fulemu. Mukaika 7, gemu yatsala ndi 5 ms zokha, kutanthauza kuti bench yake iyenera kupitirira 333%, ndiponso pakhale mpata chifukwa bench ndi avereji, siwerengera malo olemera. Choncho musaike nambala imodzi ya magemu onse. Pangani fayilo ya ini ya gemu iliyonse: a CPS2 ndi Neo Geo apirira 7 kapena 8 pa purosesa imeneyo, 3rd Strike muyambe pa 4 muzikwera. Governor ya performance ija iyatseni tsopano. Dinani F11, seweretsani gemu pamalo pomwe pali zophulika zambiri kwa mphindi zingapo. Liwiro likatsika pa 100% kapena mawu akang'aluka, bwererani m'mbuyo ndi nambala imodzi.