"Mlendo ndi mame": kodi mwambiwu umafika mpaka kumanda?

Mdzukulu wa ku Ntcheu:
Akuluakulu a pagulu pano, ndithandizeni kumasulira mwambi uwu: "Mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka." Ine ndinakula ndikudziwa kuti umatilangiza kusamala mlendo, kumuphera nkhuku, osamuwerengera mitanda ya nsima, poti mawa lomweli anyamuka. Koma mwezi wathawu ndinaumva ukugwira ntchito ina. Kwathu kunamwalira mkamwini amene anakhala pamudzi zaka zoposa 30, ana ndi zidzukulu zake onse ali pomwepo. Pokambirana za koika maliro, mkulu wina anati thupi lipite kwawo chifukwa manda athu ndi a eni mudzi, n'kutsendera ndi mwambiwu. Palibe anatsutsa. Galimoto inapezeka, maliro anapita.

Chikundisowetsa mtendere ndi mandawo. Ndi msitu wa misuku ndi mikuyu, sitithyolamo ngakhale kankhuni. Cha kumtunda kuli mitumbira yakale yopanda ziliza, imangodziwika ndi miyala komanso mapale a miphika. Agogo ankati ogona kumeneko ndiwo anayamba mudzi, Angoni amene anatsika kuchokera ku Domwe, phiri lomwe lero lili ku Mozambique, masiku amene Gomani ndi Kachindamoto ankathirana nkhondo. Sanapeze dziko lopanda anthu ayi, Antumba ndi Achewa analipo kale. Pakati pa msitu pali ziliza zasimenti za madoda amene anakagwira ntchito ku migodi ya ku Joni. Kumunsi kwenikweni kuli mzere wa anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique, amene mfumu inawapatsa malo m'zaka za m'ma 1980. Nkhondo itatha mu 1992 abale awo anabwerera kwawo, manda anatsala, ndipo timalambula ndife.

Ndiye ngati oyamba kugona m'mandamo anali obwera, mlendo amasiya liti kukhala mame? Kapena mwambiwu uli ndi tanthauzo lina limene ana a lerofe sitikulidziwa?

Gogo wa ku Linthipe:
Mwanawe, tanthauzo ndi lomwe unalidziwa kalelo. Mwambiwu ndi wouza mwini nyumba kuti apirire, asatope ndi mlendo. Sunapangidwe kuti uzithamangitsira munthu, ndipo mkuluyo anangoutola poti unali pafupi. Koma pa mwambo sanalakwe. Kwa ife Achewa mkamwini ali ndi mbumba yake kumene anabadwa. Eni maliro ake ndi alongo ake ndi amalume ake, ndipo amakagona pafupi ndi amayi ake. Kale kumuika kuchikamwini popanda eni ake kuvomera unali mlandu waukulu. Othawa nkhondo aja munawaika kwanu chifukwa njira yobwerera inali yotseka, si kuti anasanduka eni mudzi.

Mngoni wa pa Lizulu:
Agogo, zimenezo n'zoona kwanu ku Dedza, koma mnzathuyu akuti mudzi wawo unayambidwa ndi Angoni, ndiye pamenepo mpomwe nkhani yapotoka. Makolo athu ankalowola, mkazi ndiye ankabwera kwa mwamuna, chikamwini kunalibe. Bambo wa pamudzi akamwalira ankamukulunga m'chikopa cha ng'ombe n'kumuika chokhala, pafupi ndi khola. Zoika anthu kumsitu, zachikamwini, ngakhale Chichewa tikulembachi, tinazitengera kwa amene tinawapeza ndi amene tinkakwatirana nawo. Choncho mkulu uja anagwiritsa mwambo wa eni dziko pokaniza mlendo manda amene anatsegula ndi alendo. Ine zimenezi zandiseketsa ndithu.

Onaninso Inkosi Gomani yoyamba. Asilikali a Angerezi anaipha mu 1896 ndipo manda ake ali kufupi ndi Dombole konkuno, palibe anati abwerere ku Domwe. Ku Nzama, kumene ansembe a Montfort anafika mu 1901, ndi ku Mua kumene a White Fathers anafika mu 1902, kuli manda a azungu amene kwawo kunali kutsidya kwa nyanja. Mame amenewo sanakamuke.

NaPhiri wa ku Bilira:
Abambo inu mukuzungulira. Nkhani apa ndi munda. Pitani pabwalo la mfumu tsiku la mlandu wa malo mukamve: aliyense amayamba ndi "manda a makolo anga ali apo." Mukamuika mkamwini pamudzi, mawa adzukulu ake a kuchimuna abwera kudzaloza chiliza n'kumati nafenso tili ndi mbali. Mkulu uja amadziwa zimenezo, kungoti sangazinene pamaliro, ndiye anabisala kumwambi. Komanso manda ambiri adzaza. Kwathu adzukulu amakumba n'kupeza mafupa, kukwirira, kuyambanso pena, uku ootcha makala akudya msitu m'mbalimbali.

Mdzukulu wa ku Ntcheu:
Zikomo nonse. Agogo a ku Linthipe, za mbumba ndazimva, ndipo abale a malemuwo anabweradi kudzatenga thupi mosakangana. Koma ine ndikuona kuti amayi a ku Bilira alasa. Masiku amene ankapereka malo kwa othawa nkhondo, m'mphepete mwa msitu munali tchire lokhalokha. Lero mizere ya chimanga yafika pamitumbira yeniyeni. Amene akundimvetsa chisoni ndi mayi wamasiyeyo. Miyendo inayamba kale kuvuta, ndipo kuti akaone pamene pagona amuna awo mpaka akwere minibasi kenako kabaza. Iwowo tsiku lawo likadzafika adzagona kumsitu kwathu, amuna awo kwina.

Ndifunsenso chimodzi, Agogo. Nanga mkazi amene anapita kuchitengwa, wabereka konko, wakalambira konko, naye thupi lake limabwerera kwawo? Kwathu ndaonapo awiri akuikidwa kwa amuna awo, ndipo mwambi wa mame palibe anautchula.