Za ulendo wa Naphiri wa ku Chilwa

Achemwali Matawale: Mwaswera bwanji nonse. Kalata ija ya kusukulu kwa Naphiri yabwera. A kalabu ya zachilengedwe akupita ku Nyanja ya Chilwa Loweruka likubwerali. Akakwera boti pa Kachulu mpaka pachilumba cha Chisi. Mwana aliyense K35,000, ya galimoto, boti ndi chakudya. Aphunzitsi akuzifuna pofika Lachitatu. Ine ndayamba ndi K10,000.

Malume Chinamwali: Mwana wa Fomu 2 akukatani kunyanja? JCE ili pakhomo. Awerenge kaye.

Achemwali Matawale: Malume, ndi tsiku limodzi lokha, komanso Loweruka.

Alamu Sadzi: Ndaika K5,000 pa Mpamba yanu. Taonani ngati yalowa.

Achemwali Matawale: Yalowa alamu, zikomo kwambiri.

Mzime Domasi: Malume, zimene akukaonazo ndi zomwe amaphunzira m'kalasi. Likangala, Domasi ndi Phalombe yonse imathira mu Chilwa, koma palibe mtsinje wotulukamo. Nchifukwa chake madzi ake ali ndi kamchere, ndipo mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 maboti anangokhala pamatope pa Kachulu pomwepo. Mwana akaima pamenepo nkuona ndi maso ake, funso limenelo silingamuvute pamayeso.

Malume Chinamwali: Ife tinakhoza mayeso osakwera boti. Awerenge kaye.

Azakhali Jali: Boti limenelo lili ndi majaketi oyandamitsa? Ine mtima wanga suli m'malo. Mwana wa malemu ameneyu, chitachitika china tidzanena chiyani?

Achemwali Matawale: Ndinafunsa azakhali. Akuti aliyense avala, ndipo aphunzitsi atatu akupita nawo. Kukakhala mphepo sawoloka, angothera pagombe.

Azakhali Jali: Chabwino. Ndiye akandigulireko matemba, kuno akwera mtengo zosaneneka.

Alamu Sadzi: Ku Mpondabwino nakonso kamulu kachepa, dzulo ndinangobwerako ndi masamba.

Azakhali Jali: Nanga mankhwala a BP a agogo anagula ndani mwezi uno? Atsala a masiku anayi.

Mzime Domasi: Ndinagula ine mwezi watha. Uno ndi wa achimwene a ku Joni.

Alamu Sadzi: Achimwenewo uthenga akuwerenga, timizere tikuoneka tabuluu.

Azakhali Jali: Asiyeni, mwina ali kuntchito.

Achemwali Matawale: Abale, tibwerere ku za mwanayu. Tili pa K15,000, yatsala K20,000. Amene sanapereke: malume, azakhali, mzime, achimwene a ku Joni, ndi achimwene a ku Lilongwe amene chiyambire sanalankhule.

Malume Chinamwali: Fizi timasonkha, yunifolomu timasonkha, ndalama ya mayeso ku MANEB tinasonkha. Tsopano tizisonkhanso zokaona mbalame? Awerenge kaye, ndanena.

Achemwali Matawale: Malume, ine ndi amene ndikukhala naye mwanayu, mundilole ndinene. Chimwalirire amayi ake ankangokhala kuchipinda. Ukamufunsa za kusukulu, yankho linali "bwino" basi. Chilowereni kalabu imeneyi akulankhula mpaka nsima kuzizira. Bwerani mudzaone kuseri kwa nyumba, kuli machubu a mbande za m'bawa, dothi anakatapa yekha. Amadzuka kusanache kuthirira ndi madzi otsukira mbale, chifukwa ndinamuletsa a pampopi. Akuti mvula ikayamba akadzala m'mbali mwa Likangala ndi anzake. Ali ndi kope limene amajambulamo mbalame, kakowa, nantchengwa, pansi pake nkulemba tsiku ndi malo amene waionera. Usiku wa dzana anandifunsa ngati amayi ake anafikako ku Chisi. Ndinasowa choyankha.

Azakhali Jali: Anafikako. Ali mtsikana anapita ndi a kwaya. Mumuuze choncho. Ndikutumizirani K3,000 pa Airtel Money, ndi imene ndili nayo. Za matemba zisiyeni.

Mzime Domasi: Ine K7,000 madzulo ano ndikaweruka. Ndipo malume, makalabu amenewa si masewera, ali pansi pa WESM, bungwe loteteza nyama zakutchire ndi zachilengedwe, ndipo ali m'masukulu ambiri. Chilwa yomweyo inalowa pamndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko lonse, chifukwa cha mbalame zimene mukunenazo. Anthu amachokera kutali kudzaziona, ife tili nazo pafupi.

Alamu Sadzi: Sindikutsutsa ayi, ndapereka kale. Koma wanga uja anasankhidwa mu timu ya mpira ya sukulu, ndinalemba pano za nsapato mwezi watha, palibe anayankha. Akusewerabe ndi zobwereka, chala chikutuluka. Ana onse ndi athu.

Achemwali Matawale: Mukunena zoona alamu, tinalakwa. Tithane ndi iyi Lachitatu, mwezi ukatha titenge ya nsapato. Ndilemba ndine.

Azakhali Jali: Mulembedi. Zisadzakhale ngati za chiliza zija.

Malume Chinamwali: Za chiliza zikulowa bwanji apa?

Azakhali Jali: Sindinatchule munthu, achimwene.

Mzime Domasi: Chonde tisapite kumeneko.

Achimwene Lilongwe: Pepani, bandulo inandithera. Mauthenga achuluka, nkhani ndi yotani?

Alamu Sadzi: Kwerani m'mwamba muwerenge, ndi ya Naphiri.

Achemwali Matawale: Achimwene, ndi K5,000 yokha. Muli pompo?

Achemwali Matawale: Achimwene?

Malume Chinamwali: Mwanayo teremu yatha anakhala nambala chani?

Achemwali Matawale: Nambala 6 malume. Teremu yoyamba anali 19.

Malume Chinamwali: Mutume mwana mawa adzatenge K5,000 kunyumba, za pafoni sindizidziwa. Koma akabwerako awerenge. Ndipo kope la mbalamelo abwere nalo ndidzalione.

Achemwali Matawale: Zikomo malume, abwera yekha akaweruka. Ndiye ine 10, alamu 5, azakhali 3, mzime 7, malume 5. Yakwana K30,000, yatsala K5,000.

Azakhali Jali: Mumupatse juzi, panyanja pamazizira m'mawa. Ndi chipewa.

Mzime Domasi: Yanga ndatumiza, taonani.

Achemwali Matawale: Yalowa. Achimwene a ku Joni ndi a ku Lilongwe, aphunzitsi akutseka mndandanda Lachitatu 12 koloko. Nambala ndi yomwe ija.