Nkhono zandimaliziranso nkhwani, chilimwe cha kuno n'chotere?

Mayi_wa_ku_Salford:
Abale amene muli kuno ku England, ndithandizeni. Chaka chatha ndinadzala maungu pakadimba kanga kuti ndizidyako nkhwani, koma mvula inangogwa osaleka, nkhono n'kumaliza masamba onse. Chaka chinonso chimodzimodzi. Zovala pachingwe sizikuuma, ana angobindikira m'nyumba holide yonse. Anzanga mumapirira bwanji?

Agogo_Leeds:
Mwanawe, sunaone za 2007. Mu Juni madzi analowa m'nyumba ku Hull ndi ku Sheffield, mu Julayi n'kuzinga Tewkesbury. Chaka cha 2012 nachonso chinanyowa koopsa. Mphepo ya m'mwamba ija, jet stream, ikatsikira kum'mwera imatikokera mitambo ya ku Atlantic kwa milungumilungu. Inu a ku Salford, pafupi ndi Manchester, ndiye mumayamba kulandira, chifukwa mapiri a Pennines amaikhuthulira kwanuko.

Mlimi_Luton:
Achemwali, maungu muzifesera m'miphika pawindo mu Epulo, n'kuwatulutsa kumapeto kwa Meyi atakhwima pang'ono. Nkhono muzitola usiku ndi tochi. Komabe mpiru ndi repu ndi zimene zimagwirizana ndi mvulayi. Ine za nkhwani ndinazitaya kalekale.

Achimwene_Glasgow:
Mukudandaula muli ku Salford? Tabwerani kuno muone. Ife dzuwa likangoti tulukiru, kaya ndi Lachiwiri, makala pamoto, kanyenya pompo.