Ndithandizeni, nthano yanga ya makatuni ikumachedwa kutuluka

Moni nonse a m'gulu muno, makamaka inu anzanga ojambula.

Ndili kuno ku Kasungu, cha ku Chinkhoma. Kwa miyezi 8 ndakhala ndikuika pa Facebook nthano ya makatuni ya mtsikana wogulitsa mandasi pa depoti. Ndinalonjeza kuti tsamba latsopano lizituluka Lachisanu lililonse, koma mwezi wathawu ndaphonya kawiri, ndipo zikundipweteka mumtima.

Ndimajambula ndi pensulo papepala la A4, kubwereza ndi bolopeni yakuda, kenako ndimalitola ndi foni n'kupaka mitundu mu pulogalamu yojambulira ya ibisPaint. Tsamba limodzi limandidyera mausiku atatu. Ino ndi nthawi yopalira, ndiye ndikaweruka kumunda dzanja limakhala likunjenjemera, nkhope ya mtsikanayo imatuluka yopotoka mpaka kufufuta kungabowole pepala. Magetsi akazima, foni nayo imatha moto.

Ndinajambuliratu masamba 4 osungira, onse anatha. Ndinayesa kusiya mitundu, owerenga anadandaula. Ndinafunsa pa tsambalo ngati angalole kudikira masabata awiri, anayankha anthu atatu okha. Chonsecho dzana mayi wina wogulitsa tomato anandiimitsa pamsika, ati, "Achimwene, mwana uja mwamusiya pati?" Anthu akuwerenga ndithu, kungoti salemba kanthu.

Kodi ndizitulutsa theka la tsamba sabata iliyonse, kapena lathunthu pa masabata awiri? Nanga owerenga achetewa mumawayankhulitsa bwanji, gulu la WhatsApp limathandiza kapena lingondidyera bandulo?